Wangongole ndi Womlonjerera

Pali funso limene akatekisti ambiri amafunsidwa mobisa, anthu atabalalika pambuyo pa mapemphero a Lamulungu. Wofunsayo amayamba wayang'ana uku ndi uku, ndipo pambuyo pake amasimba motsitsa mau kuti anyamata a munthu wa katapila adafika kwao mbandakucha, natenga njinga yake ndi makina osokera a mkazi wake, nalonjeza kuti sabata yamawa adzabweranso kudzasasula malata a nyumba. Tsono afuna kudziwa ngati kungakhale kuchimwa kuwakaniza pakhomo, kapena kukawanenera ku boma, popeza ndalamazo adakongoladi. Funso limeneli silichokera kwa munthu wopulukira. Lichokera kwa Mkristu wa mtima woopa Mulungu, amene manyazi a ngongole amufooketsa kotero kuti ayesa kuti wangongole alibe pakamwa. Nchifukwa chake liyenera kuyankhidwa mosamala, osakometsera mbali imodzi.

Choyamba nchosavuta kumva, ngakhale kuti nchowawa kuchichita: ngongole iyenera kubwezedwa. Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu sililetsa kuboola nyumba kokha ai, liletsanso kusunga cha mwini iye asakufuna. Munthu wokongola ndalama alikudziwa mumtima mwake kuti sadzabweza, ndi mbala, ngakhale kuti sadathyole chitseko cha munthu. Ndipo Sakramenti la Kulapa silifafaniza ngongole: wansembe amakhululukira tchimo m'dzina la Mulungu, koma ndalama za mwini zimatsalabe za mwini, pakuti mlandu suola. Alipo Akristu amene akaona wowakongoza alikubwera amakabisala kuseri kwa nkhokwe, natuma mwana kukanena kuti bambo adapita kuulendo. Otere achimwa kawiri, chifukwa aphunzitsanso mwana bodza. Enanso amadandaula kuti alibe kanthu, koma m'thumba muli foni yatsopano. Zonse zimene zinenedwe m'munsimu sizilembedwa kuti zikhale pobisalira pa anthu otere.

Koma kodi munthu akakongola, wapereka chiyani m'manja mwa mnzakeyo? Apa mpamene pagona nkhani. Malamulo a Mose adayankha kalekale, ndipo adayankha mokhudza zinthu za pakhomo zenizeni. M'buku la Deuteronomo, mutu 24, wokongoza aletsedwa kulowa m'nyumba ya mnzake kukatenga chikole. Ayenera kuima panja, mwini nyumba ndiye atulutse chikolecho. Aletsedwanso kulanda mphero, ngakhale mwala wake wapamwamba wokha, popeza kutero nkulanda moyo wa banja lonse. Ndipo ngati mmphawi wapereka chofunda chake ngati chikole, chibwezedwe dzuwa lisanalowe, kuti agone chofunda. Munthu angadabwe: nanga chikole chobwezedwa madzulo alionse chili ndi phindu lanji? Phindu lake nlochepadi, ndipo Mulungu adafuna dala kuti likhale lochepa. Adadula malire pakati pa chuma cha munthu ndi munthu mwini wake. Ngongole ifika pa chuma. Ikafika pa khomo la nyumba, pa chida chodyera, pa tulo ta usiku, iyenera kuima. Mphero ya Aisraele kuno ndi khasu, mtondo ndi munsi, makina osokera, njinga ya kabaza, ukonde wa msodzi. Wolanda zimenezi wadzipusitsanso yekha, chifukwa wachotsa chinthu chomwe chikadabala ndalama zomubwezera.

M'buku lachiwiri la Mafumu, mutu 4, muli mkazi wamasiye amene mwamuna wake adamwalira ali ndi ngongole, ndipo wokongozayo adali pafupi kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Mneneri Elisa adachulukitsa mafuta ake a m'nsupa, namuuza kuti awagulitse, abweze ngongole, ndipo zotsala adye ndi ana ake. Mneneri sadanene kuti ngongole ikhale. Sadalolenso kuti ana atengedwe. Nkhaniyi si yakale yokha. M'madera ena a Karonga ndi Chitipa udadziwika mwambo wa kupimbira, wopereka mtsikana wamng'ono ku ukwati kuti ngongole ya makolo ithe. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, koma Mulungu adauletsa mwambo wotere zaka zikwi zambiri boma lisanauletse.

Tsono za chiwongoladzanja. Mphunzitsi wakongola K100,000 kwa munthu wa katapila, napangana kuti mwezi uliwonse ziwonjezeke ndi theka. Mwezi woyamba ukatha, ngongole yafika K150,000. Akalephera, mwezi wachiwiri ndi K225,000, wachitatu K337,500. Kawirikawiri wokongozayo amasunga khadi la ku banki la mphunzitsiyo pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi, kotero kuti malipiro akalowa iye ndiye ayamba kutapa. Ndipo mphunzitsi, posowa chodyetsa ana, amakongolanso kwa munthu yemweyo. Wakatapila amadzikanira kuti: adavomera yekha, palibe adamkakamiza. Thomas Aquinas woyera adawayankha mau amenewa zaka zoposa 700 zapitazo. Adaphunzitsa kuti munthu wolipira katapila savomera ndi ufulu wonse, koma mokakamizidwa ndi kusowa. Ndiponso kuti wokongola chifukwa cha vuto lenileni sachimwa, wochimwa ndi uja adyerapo pa vutolo. Mayi amene mwana wake wagona m'chipatala, kapena bambo amene nkhokwe yake yatha mu February, angavomere chilichonse. Kuvomera kotero sikusandutsa choipa kukhala chabwino.

Eklezia sadachite nayo masewera nkhani iyi. Msonkhano wachitatu wa ku Laterano, mu 1179, udalamula kuti akatapila odziwika asalandire Ukaristia, ndipo akafa osalapa asaikidwe mwachikristu. Mu 1745 Papa Benedikto XIV adalemba kalata yotchedwa Vix Pervenit, natsutsanso phindu lofunidwa chifukwa cha kukongoza kokha, koma adavomera kuti pangakhale zifukwa zina zoyenera zolandirira kanthu pamwamba. Masiku ano Eklezia saletsa chiwongoladzanja choyenera. Ndalama zimaguga: mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo amene adakongoza mnzake chaka chimenecho, nalandira ndalama zomwezo patapita chaka, adaluza ndithu. Wokongoza ali ndi ufulu wotetezedwa ku zotere. Koma palibe kugwa kwa kwacha kumene kungasandutse K100,000 kukhala K337,500 pa miyezi itatu. Pamaso pa Mulungu mphunzitsi uja ali ndi mangawa a ndalama zimene adalandira ndi kaphindu koyenera. Zotsalazo ndi zolanda.

Malamulo a dziko nawo sali kutali ndi a Mose, kungoti anthu ambiri sawadziwa. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, a mu 1994, pa gawo 19, anena kuti munthu asaikidwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano, ndipo ngongole ndi pangano. Choncho woopseza mnzake kuti akam'mangitsa ku polisi chifukwa cha ngongole chabe, alikuopseza ndi mfuti yopanda wonga. Nkhani imasintha ngati munthu adatenga ndalamazo mwachinyengo, pakuti chinyengo ndi mlandu wa polisi. Gawo 21 liteteza nyumba ndi katundu wa munthu kuti zisafufuzidwe kapena kulandidwa wamba, ndipo gawo 28 liletsa kumlanda munthu chuma chake popanda njira ya lamulo. Njira ya lamulo ndi iyi: wokongoza akasume ku bwalo la milandu, wangongole alandire chisamani, onse awiri amvedwe, woweruza agamule; ndipo ngati wangongole sakumvera chigamulo, asherifu ndiwo amabwera kudzatenga katundu, ali ndi chikalata cha bwalo m'manja. Anyamata obwera ndi zibonga mbandakucha si asherifu. Mwini nyumba angathe kufunsa chikalatacho, ndipo ngati palibe, angathe kukana ndi kukanena ku polisi.

Liliponso lamulo lakale lotchedwa Loans Recovery Act, lopatsa bwalo mphamvu yoonanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja chake nchopitirira muyeso ndi chankhanza, ndi kuchichepetsa. Ichi nchifukwa chake akatapila ambiri sakonda kupita ku bwalo, amakonda kuopseza. Mabanki ndi mabungwe okongoza ndalama ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, kumene munthu wolakwiridwa angakadandaule bungwelo likakana kumumvera. Wosowa ndalama zolipira loya angapite ku Legal Aid Bureau, ndipo a Chilungamo ndi Mtendere a m'parishi angamulozere njira. Chinthu chimodzi chimene chimawononga anthu ambiri ndi kubisa chisamani pansi pa mphasa chifukwa cha mantha: wosafika ku bwalo mlandu umamgwera iye kulibe. Chinanso ndi kubweza ndalama kumbali, popanda lisiti kapena mboni.

Tsopano funso lija liyankhidwe. Mkristu wokaniza olanda pakhomo pake mwamtendere, kapena wokasuma ku boma, sachimwa, malinga mtima wake uli wofuna kubweza zimene zili zoona. Wina angatsutse kuti Ambuye Yesu, pa ulaliki wa paphiri, adalangiza kuti wolandidwa malaya apereke ndi mwinjiro womwe, ndiponso kuti Paulo woyera adadzudzula Akorinto chifukwa chosumirana kwa akunja. Kutsutsa kumeneku nkwa mphamvu, ndipo sikuyenera kukankhidwa ndi phazi. Munthu angathedi kusiya ufulu wake chifukwa cha Kristu, ndipo akatero wachita chinthu chachikulu. Koma malaya ndi ake. Malata ofunditsa ana asanu si ake yekha. Bambo alibe chilolezo chopereka nsembe ndi chakudya cha ana ake, makamaka ngati chimene chimkankha ndi mantha, osati chikondi. Paulo yemweyo, asilikali atafuna kumkwapula ku Yerusalemu, adawakumbutsa kuti iye ndi nzika ya Roma, ndipo pambuyo pake adapempha kuti mlandu wake ukamvedwe kwa Kaisara. Chimene mau ake kwa Akorinto aphunzitsa nchakuti abale ayambe ayesa kukambirana pamaso pa akulu a mphakati kapena a mfumu, bwalo la boma likhale lomalizira. Pakutero wangongole asadikire kuti amlondole. Apite yekha, anene zimene angathe kupereka mwezi ndi mwezi, ndipo azisunge.

Womlonjerera naye ali ndi mzimu woti upulumuke. Pa Mateyo 18 pali wantchito amene mfumu idamkhululukira matalente 10,000, iye nakagwira pakhosi mnzake wa ngongole ya madinari 100. Dinari idali malipiro a tsiku limodzi, ndipo talente imodzi idali ngati madinari 6,000. Ngongole ya mnzakeyo idali yoona, ya nchito ya miyezi itatu ndi masiku; mfumu sidaikane. Chidamtayitsa ndi dzanja la pakhosi lija. Anyamata olembedwa ganyu yolanda amati iwo angotumidwa, koma Yohane Mbatizi, okhometsa msonkho ndi asilikali atamfunsa chochita, sadawalole kubisala kumbuyo kwa owatuma: adawaletsa kulanda mopitirira ndi kuopseza anthu. Ndipo lero kwabwera nkhanza ina yosafuna chibonga, yoika chithunzi cha wangongole pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti mudzi wonse umuseke, kapena kuimbira foni apongozi ake ndi akulu ake a kunchito. Uku nkulakwira lamulo lachisanu ndi chitatu. Njinga yolandidwa ingathe kubwezedwa; mbiri ya munthu ikamwazika, aitole ndani?

Chovuta koposa chili m'kati mwa mpingo momwe. M'mabanki mkhonde okongoza si olemera ai, ndi amayi a m'mphakati umodzi, amene aliyense adasonkha ndalama za mandasi ndi tomato. Mmodzi akalephera kubweza, onse alira, ndipo pa nthawi yogawana mu December ana ao ndiwo asowa feteleza ndi fizi. Amayi ameneŵa akapita gulu kukanyamula mapoto ndi zofunda za mnzao, sachita chifukwa cha umbombo koma chifukwa cha kuwawidwa, ndipo wowaweruza msanga sadalawepo umphawi. Komabe mphero ndi mphero, ngakhale woilandayo akhale wosauka. Maganizo okongozana mwachifundo adabadwira mu Eklezia momwemo: Afransisko adatsegula thumba lokongoza amphawi ku Perugia mu 1462 kuti awapulumutse kwa akatapila, ndipo Papa Leo X adavomereza matumba otere mu 1515, nalola kaphindu kochepa koyendetsera nchito. Kuno kwathu mabungwe a SACCO adalimbikitsidwa ndi Eklezia Katolika, ndipo mgwirizano wao wa MUSCCO udakhazikitsidwa mu 1980. Zingakhale zachisoni ngati mbeu yotereyi itabala katapila wovala chitenje cha mpingo.

Katekisti amene ali ndi magulu otere m'dera lake achita bwino kukhala nawo pansi mu January, ndalama zisanayambe kuyenda ndi mitima isanatenthe, kuti alembe m'buku lao zinthu zimene sizidzatengedwa ngati chikole zivute zitani, malire a ndalama zimene munthu mmodzi angakongole poyerekeza ndi zimene wasunga, ndi chimene gulu lidzachita mnzao akagwa m'matenda kapena m'maliro. Tsiku la mkangano likadzafika, bukulo lidzawerengedwe pamaso pa onse, wangongoleyo ali pomwepo.