MBALAME YOLIRA USIKU PA MAKOKOLA

Munthu wa m'mbali mwa nyanja sasokera pa kulira kwa nkhwazi. Ngakhale kamwana ka pa Makokola, kakamva mawu ake m'mamawa kuchokera cha ku chilumba cha Boadzulu, sikadzutsa ndi mutu womwe, pakuti mwini mawuwo kakumudziwa. Koma ilipo mbalame ina imene ambiri amaimva osaiona, ndipo chifukwa cha kusaidziwa ena atsala pang'ono kugwa m'tchimo lalikulu. Za mbalame imeneyo tiyeni tilingalire pamodzi.

M'mwezi wina wa Seputembala, mwezi uli mbee kumwamba, banja lina la Akhristu pafupi ndi Makokola linadzidzimuka usiku ndi kulira kwachilendo kuseri kwa khola la mbuzi. Kunali ngati munthu woimba mluzu, mawu okwera pang'ono, kenaka otsika monjenjemera, kubwerezabwereza mpaka tambala woyamba. Usiku wachitatu mwana wa m'nyumbamo anatentha thupi. Pomwepo manong'onong'o anayamba: akuti mbalameyo njotumidwa, ndipo woituma ndi gogo wina wamasiye wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Anyamata anali atayamba kale kupangana zokamuthamangitsa.

Mwa chisomo cha Mulungu, bambo wa mwanayo anapita kwa katekisiti kukapempha mapemphero. Katekisitiyo anapemphera nawo, nawauza kuti apite naye mwana kuchipatala tsiku lomwelo. Madzulo anaitana nkhalamba ina, msodzi wakale, ndipo onse anakhala pabwalo kudikira. Mbalame italira, mkulu uja anaseka, nati: "Ana inu, ameneyo ndi lumbe. Ine ndakhala ndikumumva kuyambira ubwana wanga, ndipo onani imvi zangazi." Atawalitsa tochi m'kanjira anaona timaso tiwiri tofiira pansi, ndipo kambalame kanauluka mwakachetechete. Kuchipatala anapeza kuti mwana akudwala malungo; anamupatsa mankhwala, nachira. Gogo uja anagona mwamtendere m'nyumba yake, osadziwa kuti tsoka linafika pakhomo nkubwerera.

Tsono lumbe ndi mbalame yotani? Masana imagona pansi pakati pa masamba ouma, ndipo nthenga zake zimafanana ndi masambawo kotero kuti munthu angathe kuidutsa osaiona. Simanga chisa: imaikira mazira ake, kawirikawiri awiri, pa dothi pomwepo. Mlomo wake ngwaung'ono koma kukamwa nkwakukulu, ndipo imadya tizilombo touluka usiku, monga agulugufe a usiku ndi ngumbi, imene imawakha ili m'malere. Imalira kwambiri mwezi ukawala, makamaka m'nyengo yoswana mvula isanagwe. Ilipo ya mitundu ingapo. Yoimba mluzu ija ili ndi khosi lofiirira, ndipo Azungu akaimva amati ikupempha Ambuye kuti atipulumutse. Ina, yokonda malo a mchenga, imangolira mosalekeza ngati injini ya boti lili kutali. Mukadziwa kusiyana kumeneku, simudzaopanso.

Musaganize kuti ndife tokha amene tinainamizira mbalame imeneyi. Kale ku Ulaya abusa ankaiona ikuzungulira ziweto madzulo, nati imayamwa mkaka wa mbuzi usiku. Ngakhale Aristotle, munthu wanzeru wa ku Greece amene anakhalako zaka zoposa 300 Ambuye athu asanabadwe, analemba bodza lomweli ngati zoona. Pamene Linnaeus ankapatsa zolengedwa maina a Chilatini m'chaka cha 1758, anaitcha Caprimulgus, ndiko kuti wokama mbuzi, ndipo dzinalo lilipobe. Chikhalirecho mbalameyo siinalawepo mkaka ndi dontho lomwe: imadza ku khola chifukwa cha tizilombo timene timasonkhana pa ziweto. Taonani kutalika kwa moyo wa bodza! Zaka zikwi ziwiri mbalame yosalakwa inasenza mlandu wa umbava chifukwa anthu anaona pang'ono naweruza zambiri.

Kunamizira mbalame nkochepa, pakuti iyo siimva. Koma kunamizira munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu ndi tchimo lotsutsana ndi Lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama; ndipo kukhulupirira kuti kambalame kangathe kulamulira moyo wa mwana wanu ndi kuchimwira Lamulo loyamba, chifukwa mukukapatsa mphamvu imene ndi ya Mulungu yekha. Ndipo tchimo limeneli limabala magazi. M'mwezi wa Januwale 2016, ku Neno, nkhalamba zinayi zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo pambuyo poti mphezi inapha mtsikana wina. Boma nalonso linaona zoopsazi kalekale: lamulo la m'chaka cha 1911 linaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Nanga ife obatizidwa, kodi tidikire kuti atiletse ndi apolisi, pamene Mulungu anatiletsa kale?

Kumbukirani Samuele ali mnyamata, monga tiwerenga m'buku loyamba la Samuele, mutu 3. Iyenso anamva mawu usiku amene sanawadziwe. Sanathawe, ndipo sanadzipekere yankho. Katatu konse anadzuka napita kwa Eli, munthu wokalamba wofooka maso, ndipo Eli ndiye anazindikira kuti woitanayo ndi Mulungu, namuphunzitsa mwanayo mayankhidwe ake. Makolo athu ananena zoona kuti safunsa anadya phula. Banja la pa Makokola lija linapulumuka chifukwa linafunsa, ndipo amene anadziwa yankho anali wa msinkhu womwewo wa gogo amene ankafuna kumuthamangitsa. Tikapirikitsa nkhalamba zathu, tidzafunsa yani?

Ambuye Yezu, mu Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera mutu 10, akutiphunzitsa kuti nkhosa zimatsata mbusa wake chifukwa zimadziwa mawu ake, koma mlendo zimamuthawa. Mwana wa pagombe amadziwa nkhwazi chifukwa amaimva tsiku ndi tsiku. Momwemonso Mkhristu wobwera ku Misa, womvera Mawu a Mulungu ndi wopemphera ndi banja lake madzulo, makutu a mtima wake amazolowera mawu a Mbusa. Pakadza mawu ena onong'oneza kuti uje ndi mfiti, kamuotchereni nyumba, iye amazindikira msanga kuti amenewo ndi mawu a mlendo, ngakhale atatuluka m'kamwa mwa mbale wake weniweni.

Inu makatekisiti, ntchito iyi ili m'manja mwanu, pakuti mphekesera zimafika kwa inu zisanafike kwa Bambo Mfumu. Mukamva kuti m'mudzi mwalira mbalame yachilendo ndipo anthu ayamba kulozana zala, musachedwe. Wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pitani nokha mukamve kulirako pamodzi ndi eni nyumba, mutenge tochi ndi munthu wamkulu wodziwa za m'tchire. Dziwitsani mfumu ya mudzi, ndipo kayendereni wonamiziridwayo masana anthu akuona, kaya ndi Mkhristu, kaya ndi Msilamu, pakuti onse ndi ana a Mulungu mmodzi.

Ndipo inu makolo, mwezi ukadzawalanso, tulukani panja ndi ana anu, mukhale chete pang'ono. Lumbe akalira, auzeni dzina lake, chakudya chake ndi pogona pake, kenaka muchite chizindikiro cha mtanda ndi kuthokoza Mlengi amene anapatsa mbalame iliyonse mawu akeake. Mulungu atipatse makutu omvetsa ndi lilime lochedwa kuweruza. Amen.