Mtsempha Ukadzifinya

Adzukulu anga, senderani kuno. Ambiri mwa inu mumayesa kuti mitsempha ya magazi imatseka mwa ife nkhalamba tokha, poti mafuta adaunjikana m'kati. Si choncho ayi. Mtsempha wochotsa magazi kumtima uli ndi minofu m'khoma mwake, ndipo minofuyo imatha kudzifinya mwadzidzidzi, m'kati muli mbee popanda chotsekereza. Zili ngati mwana waponda paipi yothirira kudimba: madzi alipo, koma mbewu zikufota. Kufinyikako musakupeputse. Njira ikachepa ndi theka, magazi odutsapo satsala theka ayi, amatsala gawo limodzi mwa magawo 16.

Inu a kabaza amene mumalawirira m'chisanu cha Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, muziyang'ana zala zanu. Zikatuwa mbuu n'kuchita dzanzi, kenako n'kuda, n'kumalasa magazi akamabwerera, ndiye kuti timitsempha tinadzifinya. Dokotala wa ku France, Maurice Raynaud, adalifotokoza vutoli mu 1862, ndipo limakonda akazi kuposa amuna. Musathamangire nazo pamoto, chala chadzanzi sichimva kupsa. Zipisireni m'khwapa kapena m'madzi ofunda, ndipo magolovesi si manyado.

Koma chondisowetsa tulo ine ndi mtima. Mitsempha yodyetsa mtima weniweniwo nayo imadzifinya. Dokotala wina, Myron Prinzmetal, adalemba za zimenezi mu 1959. Munthu sakulima, sakuthamanga, ali gone pamphasa, pakati pa usiku kapena mbandakucha, basi chifuwa chamuthina. Pakapita mphindi zingapo ululu watha, mmawa adzuka bwinobwino. Apa m'pomwe ana inu mumasokera. Wina amati ndi mpweya wa nyemba zadzulo, wina amati afiti anamukhalira pachifuwa. Chonsecho mtima unasowa magazi, ndipo tsiku lina mtsemphawo ukachedwa kumasuka, mnofu wa mtima umafa kapena kugunda kwake kumasokonekera.

Chimaputa kwambiri zimenezi ndi fodya. Fodya adatilipirira sukulu ambirife, sindikana, koma chikonga chake chimafinya mitsempha, kaya ndi ndudu yakusitolo kaya chingambwe chokulunga m'pepala. Kokeni ndiye woipitsitsa, wagwetsa anyamata a mitima yabwinobwino. Chisanu ndi nkhawa nazo zimathandizira.

Mankhwala omasula mitsempha alipo. Amlodipine ndi nifedipine, omwe aja amapatsidwa odwala BP, ali m'gulu limeneli. Koma musakatape m'kabotolo ka agogo anu. Pitani kuchipatala akakupimeni, ndipo mukanene nthawi imene ululu umabwera, kutalika kwake, ndi ndudu zimene mumasuta patsiku, osachotserako. Chifuwa chikathina osasiya, thukuta lili kamukamu, ululu n'kumatsikira kudzanja lamanzere kapena kukwera kunsagwada, musadikire kuti kuche. Dzutsani mnansi wa galimoto usiku womwewo.