Uthenga wa sabata ino: Nyamulani chakufacho, mupite nacho

Mawu athu sabata ino ali pa Genesis 32:22-32. Tsegulani Baibulo muwerenge nokha, musadalire foni chabe.

Madalaivala athu a matakisi a pamsewu wa Chipata adziwa phokoso lina lake loti likayamba, tulo timatha. Motoka ikamayenda molunjika ili zii, bwinobwino. Ukangokhotetsa chiwongolero, kutsogolo uku kumveka kha-kha-kha-kha. Makanika sachita kutsegula boneti, amangoti: abwana, CV joint yapita.

Amayi ndi atate amene simunagwirepo sipanala, ndiloleni ndifotokoze pang'ono. Mphamvu ya injini imadzera mu shafti kukafika ku gudumu. Koma gudumu la kutsogolo silikhazikika: limakhota, limakwera, limagwera m'maenje. Ndiye pakati pa shafti ndi gudumu pali mfundo yachitsulo, m'kati mwake muli timipira tachitsulo 6 toyenda m'tinjira take, tosambira mu girizi wakuda. Anaitulukira ndi Alfred Rzeppa, injiniya wa kampani ya Ford ku America, m'zaka za m'ma 1920. Anyamata a m'magalaji a malodji amaidziwa ndi dzina lakuti Birfield, ya kutsogolo kwa Land Cruiser. Chimene chimateteza zonsezi ndi kalabala chabe, kotchedwa buti. Kakang'ambika ndi chitsa, kapena kakauma ndi dzuwa lathu la Okutobala lija lopyola madigiri 40, girizi amamwazika, mchenga nkulowa. Mvula ikabwera, matope nawo alowa. Mchenga umadya chitsulo mwakachetechete, ndipo tsiku lomwe mwamva phokoso, buti inang'ambika kalekale.

Yakobo anakhala zaka 20 kwa Labani. Akazi anapeza, ana anapeza, ziweto zochita kudetsa tchire. Aliyense womuona akanati munthu uyu ndi wodalitsika, ndipo analidi wodalitsika. Msewu unali wolunjika, phokoso kunalibe. Phokoso linamveka pokhota, pamene anatembenuka kubwerera kwawo namva kuti Esau akubwera ndi amuna 400. Mantha gwa! Koma buti yake inang'ambika liti? Tsiku lija anavala zikopa za mbuzi m'manja, nalowa kwa atate ake Isake amene maso anali atachita khungu, nadzitchula dzina la mkulu wake. Mchenga unalowa tsiku limenelo, nkumadya zaka zonsezo.

Enafe m'tchalitchi timayimba, timavina, timalankhula malilime, motoka ikuyenda bwino. Koma pafike pokhota: maliro pabanja, kugawana munda wa malemu, ndalama ya thonje yachedwa, njovu zatha chimanga usiku umodzi. Pamenepo mpamene mumamva zotuluka m'kamwa mwa mkhristu. Simdierekezi watsopano ayi, m'bale wanga. Ndi chakukhosi chija cha zaka zisanu zapitazo, ndi ngongole ija munaiwala dala, ndi bodza lija munanamiza amayi a kunyumba nkungolisiya choncho.

Manje tiyeni ku nkhani yogula sipeya, chifukwa apa mpamene ambiri amagwera. Kuno ku Mambwe joint yoyenera siipezeka mwamsanga. Uyenera kupita kapena kutumiza ku Chipata, makilomita opitirira 100. Ikasowa kumeneko, ndi Lusaka, makilomita ena opitirira 500 pa Great East Road, uidikire pabasi. Motoka zathu zambiri zinachokera ku Japan zitayenda kale, kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ndipo ma Corolla awiri ooneka ngati mapasa atha kukhala ndi joint yosiyana. Kusiyana kwake kuli pa mano. Ina ili ndi mano 23 m'kati, ina 24. Ina ili ndi mkombero wa ABS, ina ilibe. Dzino limodzi chabe, koma siilowa olo muimenye ndi hamala tsiku lonse. Thiransipoti yapita, masiku awiri a ntchito apita. Safunsa anadya phula.

Motoka ikaima, ana salandira chakudya, ndiye munthu amathamangira chilichonse. Wina agula ya m'kabokosi konyezimira, yotchipa modabwitsa, mwezi usanathe ikuliranso. Wina apeza nambala pa Facebook, amuuza kuti tumizani ndalama pa Airtel Money kapena MTN katundu akwere basi ya mawa, atatumiza foni yazimitsidwa. Winanso, ndipo uyu ndiye amandimvetsa chisoni kwambiri, amangodzaza girizi kuti phokoso likhale chete masiku ochepa, nkugulitsa motokayo kwa mnzake wa mumpingo. Miyambo 25:19 imayerekeza kukhulupirira munthu wosakhulupirika pa tsiku la tsoka ndi dzino lothyoka komanso phazi loguluka. Solomo sanaonepo Corolla, koma nkhani ya mano ndi mfundo anaidziwa. Sindikunyoza sipeya yakale ayi. Yochotsedwa pa motoka ya ku Japan, ikayezedwa bwino, nthawi zambiri imaposa yatsopano yabodza. Chimene ndikukana ndi kugula osafunsa.

Zamzimu nazo zili ndi msika wake. Banja likayamba kulira, ena mumathamangira kwa munthu wa pa WhatsApp amene simunamuonepo, wogulitsa madzi ndi mafuta m'timabotolo, wolonjeza kuti mukatumiza ndalama mavuto atha Lachisanu. Sakufunsani kuti munalakwira ndani. Sakufunsani kuti muli ndi cha yani m'nyumba mwanu. Ife timakhulupirira kudzoza, timakhulupirira machiritso, tawaona ndi maso. Koma mafuta othira pa tchimo losalapa ndi girizi uja wodzaza pa joint yakufa. Phokoso lileka sabata imodzi, mchenga uli momwemo.

Wogulitsa sipeya wachilungamo amafunsa zinthu ziwiri. Nambala ya chasisi ndi chiyani? Yakufayo mwabwera nayo? Amafuna muiike patebulo, yakuda, yonona, yodetsa malaya, kuti awerenge mano. Dalaivala wochita manyazi kunyamula chitsulo chonyansa mu minibasi ndiye amabwerako ndi cholakwika. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Onani tsono zimene zinachitika pa mtsinje wa Yaboki. Yakobo anayamba watumiza mphatso kutsogolo, mbuzi, nkhosa, ngamila, ng'ombe, abulu, gulu ndi gulu, kuti mtima wa Esau ufewe. Anawolotsa akazi ndi ana. Anatsala yekha. Ndipo Munthu uja analimbana naye mpaka mbandakucha, namukhudza pa mfundo ya m'chiuno, niguluka. Yakobo anakakamira, akufuna mdalitso. Asanamudalitse anayamba wamufunsa dzina. Kodi Mulungu sanalidziwe? Amene anamuumba m'mimba mwa Rebeka angaiwale nambala yake? Anafuna limveke kuchokera pakamwa pomwe paja pamene panatuluka dzina la Esau zaka 20 m'mbuyomo. Yakobo ananena lake lenileni, dzina la wonyenga, wogwira mnzake chidendene. Anaika chakufacho patebulo. Pamenepo mpamene analandira dzina latsopano, Israyeli. Haleluya!

Apa fanizo langa la motoka liperewera, ndipo ndisakubisireni. Motoka ikaikidwa joint yatsopano imayenda ngati sinawonongekepo. Yakobo anachoka pa Peniyeli akutsimphina, dzuwa likumutulukira. Anakumana ndi Esau ali wotsimphina, wosatha kuthawa, nagwada kasanu ndi kawiri, ndipo mkulu wake anamuthamangira, namukumbatira, onse nkulira. Ena mukalapa mudzabweza ndalama imene munadya kale, idzakupwetekani. Ena mudzagogoda pakhomo la apongozi amene munalumbira kuti simudzapondako. Kutsimphina kumeneko musakuope.

Kwa madalaivala athu, mawu achindunji: joint ikayamba kulira musanyamule anthu ulendo wautali. Ikathyoka, injini imalira koma motoka siyenda. Ikhoza kukuthyokerani pachitunda, kapena usiku pamene njovu zikudutsa, kapena mutanyamula mayi wapakati wopita kuchipatala cha Kamoto. Loweruka lililonse gwadani musuzumire kuseri kwa gudumu. Mukaona girizi atamwazika, sinthani buti sabata yomweyo.

Tipemphere. Atate wakumwamba, m'dzina la Yesu, taima pa Yaboki wathu. Tiululireni pamene mchenga unalowera. Tipatseni mphamvu yotchula dzina lathu lenileni pamaso panu, ndi pamaso pa amene tinawalakwira. Tikaniza mzimu wa chinyengo pa malonda athu. Tetezani madalaivala athu ndi onse okwera pamsewu wa Chipata, mwazi wa Yesu uwaphimbe popita ndi pobwera. Amen.

Lachitatu tikumana pa mapemphero a madzulo monga mwa nthawi zonse. Amene muli ndi Esau wanu, muyambe mwamuimbira foni kapena kumuyendera musanabwere. Ngati mukuopa kupita nokha, uzani mkulu wa mpingo wa kudera lanu akuperekezeni.