Kodi Tanthauzo Limakhala M'zilembo?

Mawu achingelezi akuti God, good ndi dog amalembedwa ndi zilembo zomwezo: g, o ndi d. Oyambawo amatanthauza Mulungu, achiwiri chabwino, achitatu galu. Kufanana kotere kumadzutsa funso lakale: kodi tanthauzo limakhala m'zilembo, kapena mwa anthu olankhula?

Ku Chintheche, Chingelezi chinafika pamodzi ndi Chikhristu. Mu 1881 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Robert Laws, anachoka ku Cape Maclear n'kukhazikika ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, kumene anatsegula sukulu. Wophunzira woona God ndi good pasileti limodzi angaganize kuti ndi mawu apachibale.

Akatswiri a mbiri ya zilankhulo amati mawu awiriwa sanachokere ku tsinde limodzi, ndipo dog amangofanana nawo mwangozi. Chisokonezochi n'chakale ndithu: gospel poyamba ankatanthauza "uthenga wabwino", koma Angelezi akale anadzayamba kuwamva ngati "uthenga wa Mulungu".

Chichewa nachonso chili ndi zotere. Msodzi akamakamba za mtengo wosemera bwato, wogula n'kufunsa mtengo wa usipa, zilembo n'zomwezo. Chosiyanitsa ndi kamvekedwe ka mawu ndi nkhani imene ili pakamwa.

Atonga amati Chiuta, Achewa amati Chauta kapena Namalenga, ndipo m'mayina amenewa mulibe kufanana ndi mawu akuti "wabwino". Choncho chikhulupiriro chakuti Mulungu ndi wabwino sichingatsamire pa kalembedwe ka chilankhulo chimodzi.