Ngongole ya dzuwa

Ndimakhala ku Leeds, kumpoto kwa England, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Tsiku lina m'nyengo yozizira, mayi oyandikana nane nyumba anandipempha kuti ndiwathandize kulongedza katundu poti ankasamuka. M'chipinda cha mwana wawo, yemwe anali atapita ku yunivesite, munali bokosi lagalasi, babu likuwala pamwamba pake. M'katimo munagona buluzi wamtundu umene Azungu amautcha bearded dragon. Nditamunyamula, miyendo yake inkanjenjemera, chibwano cham'munsi chinali chofewa ngati mphira, ndipo mafupa a m'chiuno anali poyera. Mayiwo anati ngati ndikumufuna ndimutenge, chifukwa kumene ankapitako sakalola ziweto. Ndinamutenga ndisanaganize bwino. Maganizo anabwera pambuyo pake, ndipo ndi amene ndikulemba pano.

Poyamba ndinkafuna munthu woti ndimukwiyire, koma sindinamupeze. Mayi aja sanamenyepo buluziyo. Ankamuponyera masamba, ankamuikira madzi, ndipo babu linkayaka tsiku lililonse. Dokotala wa ziweto ndi amene anandifotokozera chimene chinalakwika. Abuluzi amenewa kwawo ndi kumadera ouma a pakati pa Australia, komwe amakhala akuothera dzuwa pamiyala ndi panthambi. Mu kuwala kwa dzuwa muli mbali ina imene maso athu saiona, yotchedwa UVB. Ikafika pakhungu la buluzi, thupi limapanga vitamini D3, ndipo popanda vitamini ameneyu kashiamu wa m'chakudya salowa bwino m'magazi. Zikatero thupi limayamba kutapa kashiamu m'mafupa ake omwe, mpaka mafupawo amafewa ndi kupindika. Mababu opangira abuluzi amatulutsa UVB, koma mphamvu yake imatha pakapita miyezi 6 mpaka 12 malinga ndi mtundu wa babulo, ngakhale lokhalo limapitiriza kuwala ngati kale. Kumuika pawindo sikuthandizanso, poti galasi limatchinga UVB. Buluzi ameneyu anatha zaka ali pansi pa nyali yowala koma yopanda kanthu, ndipo aliyense wosuzumira pakhomo ankaona ngati zonse zili bwino.

Apa ndipo ndinayamba kuona kuti kunyalanyaza n'kosiyana ndi nkhanza, ngakhale mapeto ake angafanane. Wankhanza amadziwa chimene akuchita. Wonyalanyaza amachita zimene anazolowera, n'kusiya kuyang'ana ngati zikugwirabe ntchito. Galu wanjala amauwa, mbuzi yomangidwa padzuwa imalira mpaka mwini wake achite manyazi. Buluzi salira. Akadwala amangokhala duu, ndipo kukhala duu n'kumene timayembekezera kwa buluzi wabwinobwino. Amagulidwa ali kakang'ono kuti asangalatse mwana, koma amatha kukhala zaka 10 kapena 15. Mwanayo amakula n'kuchoka, buluzi n'kutsala m'chipinda chimene anthu salowamo kawirikawiri.

Nditawauza amayi pa WhatsApp, anayamba aseka, kenako mawu anasintha. "Mwananga, ndalama ya dokotala wa buluzi? Mlongo wako fizi sinakwane, feteleza sitinagule, iwe uli kalikiliki kugulira gulo ziwala za m'sitolo? Chifundo chinapha nkhwali." Anandikumbutsanso nthano imene tonse tinakula nayo: Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma buluzi anathamanga n'kukafika msanga ndi uthenga woti akafa afa basi. Azulu nawonso ali nayo nthano yomweyi. "Ndiye ukuchiza amene anatibweretsera imfa," anatero amayi, theka nthabwala theka zoona.

Funso la amayi silopepuka, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Ndalama imene inapita kwa dokotala, babu latsopano ndi ufa wa kashiamu ikanagwira ntchito yooneka kumudzi. Mwezi umenewo ndinatumiza mochedwa, ndipo mlongo wanga ndi amene anakhala ndi nkhawa, osati ine. Aliyense wonena kuti chifundo sichitha ngati madzi a m'nyanja sanakhalepo ndi malipiro amodzi ndi pakamwa pambiri.

Anzeru a ku Ulaya anayesapo kuyankha. Jeremy Bentham, mu 1789, ananena kuti chofunika pa nyama si kuti imaganiza kapena kuyankhula, koma kuti imamva kuwawa. Immanuel Kant ankaona kuti tilibe udindo weniweni kwa nyama, koma kuti wozunza nyama amaumitsa mtima wake ndipo mawa adzazunza munthu. Onse awiri ali ndi mfundo, koma palibe amene akuwayankha amayi anga. Ngati nkhani ndi kuwawa kokha, kuwawa kwa mwana wobwezedwa kusukulu kumalemera kuposa kwa buluzi. Ngati nkhani ndi kufewetsa mtima wanga, ndiye kuti buluziyo ndi chipangizo chabe chophunzirira khalidwe, ndipo ndikanatha kupeza chotchipa.

Yankho limene ndalipeza linachokera m'mawu amene amayi anagwiritsa ntchito, akuti gulo. Sanalakwitse kwenikweni, chifukwa bearded dragon ndi gulo ndi a banja limodzi la abuluzi, ndipo onse amagwedeza mutu mofanana. Koma gulo wa mutu wabuluu amene amakwera mtengo wa mango kwathu safuna kalikonse kwa ife. Dzuwa amalipeza yekha, ziwala amagwira yekha, kukatentha amathawira pamthunzi. Tilibe naye ngongole kupatula kusamugenda. Mnzake wa ku Leeds anaswedwa m'manja mwa anthu, pakuti Australia inaletsa kalekale kutumiza kunja nyama zake zakutchire ndipo ogulitsidwa m'masitolo ndi oweta. Sanaonepo chipululu, ndipo kumutulutsa panja kuno ndi kumupha ndi chisanu. Anthu anamuchotsera dzuwa n'kumulonjeza kuti babu lilowa m'malo mwake. Amene watsekera chamoyo m'bokosi wadziika yekha kukhala dzuwa lake, mvula yake ndi tchire lake. Chimene chimaperekedwa pamenepo si mphatso ayi, ndi kubweza zimene zinatengedwa. Lamulo la dziko lino la Animal Welfare Act la 2006 limaona chimodzimodzi: woweta nyama ali ndi udindo woipatsa malo oyenera, chakudya choyenera, mpata wochita zimene mtundu wake umachita, ndi kuiteteza ku ululu ndi matenda.

Wina anganene kuti si ine ndinamutsekera. N'zoona. Ndikanatha kumupereka ku bungwe ngati RSPCA, ndipo sindikanalakwa. Chimene sindikanatha ndi kumuona, kumunyamula, kumva chibwano chake chikupindika pachala changa, kenako n'kumubwezera pansi pa babu lomwe lija. Ngongole inali ya ena, koma inafika pakhomo panga, ndipo pobwera nayo kunyumba ndinaisaina.

Kuchira kwake kunandiphunzitsa kuti chifundo chachangu chimaphanso. Mtima unkafuna kumudzazira mbale tsiku loyamba, koma dokotala anandiletsa, poti thupi limene lakhala nthawi yaitali ndi njala silipirira chakudya chambiri mwadzidzidzi. Tinayamba ndi madzi ndi kutentha, malo ootherapo ofika madigiri 40 mbali imodzi ndi kozizirirapo mbali inayo, chifukwa buluzi wozizidwa sagaya chakudya. Ndinachotsa nthambi zazitali kuti asagwe n'kuthyoka. Chakudya chinabwera pang'onopang'ono, chowazidwa kashiamu. Panapita milungu yambiri asanaimike mimba yake kuchoka pansi. Kunjenjemera kunatha, mafupa analimba, koma analimbira momwe anapindikiramo. Chibwano chake n'chokhotabe ndipo chidzakhala choncho mpaka imfa. Kukonza sikufafaniza zimene zinachitika, kumangoletsa kuti zisapitirire.

Ndipo sathokoza. Sandithamangira ndikalowa, sadziwa kuti ndinalipira zingati. Timati munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, ndipo nthawi zambiri timamva mawuwa ngati chipereganyu: lero kwanga, mawa kwako. Koma kuntchito ndimasambitsa agogo ena amene anaiwala dzina langa, dzina la ana awo, ngakhale lawo lomwe. Sadandaula madzi akazizira, sanena pamene pakuwawa. Pa anthu otere ndi pamene chisamaliro chimasanduka babu lowala lopanda mphamvu mosavuta: fomu yasainidwa, mbale yaikidwa patebulo, koma palibe amene wayang'ana ngati adya. Umunthu wodikira kuthokozedwa kapena kukumbutsidwa sufika kwa iwo. Buluzi uja wandichititsa kuti ndiziyang'ana kawiri.

Amayi sindinawagonjetse, ndipo sindikuganiza kuti ndiyenera kutero. Fizi ya mlongo wanga imabwera patsogolo, za buluzi zimachokera pa zimene ndikanadyera ine. Babu lililonse latsopano ndimalilemba deti ndi cholembera, kuti ndisadzakhulupirire maso anga okha. Lamlungu lapitali, titatha kukambirana za mvula ndi za maliro a kumudzi, amayi anafunsa asanadule foni: "Nanga gulo wako uja wadzuka bwanji?" Ndinawauza kuti wadya ziwala zinayi. Anati n'zochepa, ndimuonjezere.