Kachitini ka agogo ku Kawale

Agogo anga a ku Kawale ali ndi kachitini komwe amabisa pansi pa matilesi. Muli makobidi akale okhaokha: mapeni oboola pakati a nthawi ya chitaganya, sheleni ya 1964 yokhala ndi nkhope ya Kamuzu mbali ina ndi chimanga mbali inayo, mawani tambala a 1971, ndi kakhobidi kena kakang'ono ngati batani la malaya. Kameneka akuti malemu agogo aamuna anapatsidwa ndi mwana wa bwana wawo, nthawi yomwe ankaphikira mzungu ku Zomba.

Mwezi watha kunafika bambo wina wa jekete ndi mafoni awiri. Akuti ku Joni kuli azungu akugula mapeni oboola ndi mamiliyoni, koma pafunika kaye K80,000 "yoyezetsera". Usiku womwewo agogo anandiimbira: "Mdzukulu wanga, tandibwerekako, ndikubwezera kakhumi."

Ndinapita Loweruka, ndinakhuthulira makobidi pamphasa n'kuyamba kufufuza pafoni. Peni yoboola ija, ya njovu ziwiri, ndi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anazisula mamiliyoni. Osonkhanitsa makobidi amayang'ana chaka, kusowa kwake, komanso ngati zolemba ndi chithunzi sizinafufutike. Za agogo zinaperepeseka, ndipo anazikwecha ndi phulusa kuti ziwale, osadziwa kuti kukwechako ndiye kumagwetseratu mtengo. Kunena mosabisa, peni yotere singagule ndi thumba la makala lomwe.

Kakang'ono kaja ndiye kanandiseketsa. Nditakajambula n'kukulitsa chithunzi, ndinaona mutu wa Mfumukazi Victoria ndi mawu akuti Lauer ndi Nürnberg. Si ndalama ayi. Ndi kachidole. Kampani ya Lauer ku Germany inkapanga timakobidi totere, ta mamilimita pafupifupi 13, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kuti ana aziseweretsa. Ku Britain alipo anthu otisonkhanitsa, ndipo tambiri timagulidwa mapaundi ochepa chabe. Tangoganizani: m'chitini monsemo, chomwe mwina chingapeze wogula ndi chomwe sichinagulepo kanthu chipangidwireni.

Tsono vuto linali apa: ndiwauze kapena ndisawauze?

Mayi anga anati ndikhale chete. "Akana okha akasowa ndalama yoyezetserayo. Usawalande chomwe chimawagonetsa tulo." Ndipo ndikuwamvetsa. Agogo amati kachitini kameneka ndi komwe kadzagule malata, ndi komwe kadzagule bokosi lawo kuti ife tisadzavutike. Munthu wa zaka zoposa 80, wopanda penshoni, akamati "ndili nako kanga", iwe ndiwe ndani kuti ubwere ndi kafoni kako n'kuwauza kuti alibe kalikonse? Si choonadi chonse chomwe chimanenedwa chifukwa cha chikondi. China timangochinena kuti tioneke ozindikira, ndipo ife a pa intaneti matenda amenewa tili nawo.

Komabe ndinaona kuti pali kusiyana. Kwa zaka zonsezi chiyembekezo cha agogo sichinkawadyera kanthu. Chinkangogona pansi pa matilesi. Lero wina wachiikira mtengo, K80,000, ndipo ndikakana ine apita kwa akatapila kapena agulitsa mbuzi zawo zakumudzi. Kukhala chete kwanga kukanakhala kuthandiza bambo wa jekete uja, chifukwa iye sagula makobidi. Amapezerera munthu yemwe sadziwa mtengo wa chinthu chake, ndipo abale ake odziwa akuopa kumukhumudwitsa. Komanso "asiyeni asadziwe" timanenera mwana wakhanda. Agogo analera ana asanu ndi awiri, anaika atatu m'manda. Nkhani ya peni ndi yomwe ingawathyole?

Ndinawauza Lamulungu titachoka kutchalitchi. Anakhala duu, kenaka anafunsa za kakang'ono kaja.

"Ndiye ukuti nkachidole?"

"Eya agogo, ka ana achizungu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Agogo ako anakasunga zaka zonse zija ngati golide! Ankati nkadzatipulumutsa."

Anabwezera makobidi onse m'chitini, limodzilimodzi, kakang'onoko anakakulunga m'kansalu payekha. Tsiku lonselo sanalankhulenso zambiri, ndipo nsima yamadzulo anangoinyomola pang'ono. Mayi sanandiyankhule mpaka Lachitatu. Bambo wa jekete akuti anabweranso Lachisanu, agogo anamuyankhira pazenera.