Boma Likalakwa, Mbuzi Alipira Ndani?

Amayi anzathu, m'midzi yambiri ya dziko lino muli lamulo limene tonse tikulidziwa. Mayi woyembekezera akachirira pakhomo kapena panjira, osafika kuchipatala, banja lake limalipira chindapusa kwa amfumu. Kwina ndi mbuzi, kwina nkhuku, kwina ndalama. Malamulo amenewa anafala boma litaletsa azamba akumudzi kubereketsa mu 2007, ndipo analimba kwambiri kuyambira 2012 pamene Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino n'kuika patsogolo mafumu monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu. Amayi anamvera. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse, 91 anabadwira kuchipatala. Imfa za uchembere nazo zinatsika. Kafukufuku wa 2000 anawerenga amayi 1,120 omwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo, pamene wa 2015 mpaka 2016 anawerenga 439. Awa ndi amayi enieni amene lero akulera ana awo, ndipo sitingapeputse ntchito imene inawapulumutsa.

Komabe pali funso limene tikufuna tilisinkhesinkhe pamodzi. Pouza mayi kuti asachirire pakhomo, boma linachita naye pangano, ngakhale silinalembedwe papepala: iwe bwera, ife tikusamalira. Mayi akaphwanya mbali yake, chilango chake n'chodziwika ndipo sichichedwa. Nanga akasunga mbali yake? Wayenda ulendo wautali matenda atayamba kale, wanyamula beseni, zitenje, lezala, ulusi ndi pepala la pulasitiki monga anamuuzira kusikelo. Wafika usiku, wapeza magetsi kulibe, mzamba ndi mmodzi ndipo wagwira ntchito kuyambira dzulo. Zinthu zavuta, pafunika kumutumiza kuchipatala chachikulu, koma ambulansi ilibe mafuta. Mayi uja kapena mwana wake akatisiya, amene amaitanidwa pabwalo ndani? Mbuzi imachokera m'khola la yani?

Nthawi zambiri palibe amene amaitanidwa. Timalira, timaika maliro, timati inali nthawi yake. Ife tikuona kuti chilungamo chimene chimagwira wofooka yekha n'kusiya wamphamvu n'chopendekeka, ndipo amayi amene timaphunzitsa ana kusiyanitsa chabwino ndi choipa tiyenera kuchitchula ndi dzina lake.

Chimene chimatseka anthu pakamwa ndi mawu amodzi: "zaulere." Timati mankhwala a kuchipatala cha boma ndi aulere, ndipo mwamwambo wathu munthu wopatsidwa chinthu sayang'ana kukula kwake, amalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Mwambo umenewu ndi wabwino pa mphatso. Koma kodi mankhwalawa ndi mphatso? Mayi wa kwa Kunthembwe kapena kwa Lundu sanalandirepo malipiro a pamwezi, koma amapereka msonkho tsiku ndi tsiku. Akagula mayunitsi a foni, muli msonkho. Akagula chitenje, muli msonkho. Akakwera minibasi kubwera ndi tomato wake ku Lunzu, m'mafuta a galimotoyo muli msonkho, ndipo akayala malonda pansi khonsolo imamudulitsa tikiti. Choncho panado amene akulandira pawindo anamulipira kale. Boma ndi msungichuma chabe, ndalamazo n'zake za mayi uja. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amanena zomwezo: gawo 12 limati mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu ndipo olamulira amangosungitsidwa, pamene gawo 13 limaika chithandizo chokwanira cha zaumoyo pakati pa zinthu zimene boma liyenera kulimbikira kukwaniritsa.

Tonse tikudziwa mmene timachitira ndi msungichuma m'magulu athu. Kaya ndi m'bungwe la amayi, kaya ku banki m'khonde, tsiku limafika loti amayi osunga thumba aimirire ndi kope lawo, awerenge zolowa ndi zotuluka, ndalama ziwerengedwe pamphasa aliyense akuona. Palibe amene amati kufunsa lipoti n'kusowa ulemu. Msungichuma wokhulupirika amalilakalaka tsikulo chifukwa limamuyeretsa. Amene amakwiya akafunsidwa ndiye timayamba kumukayikira. Ngati timatero ndi K50,000 ya gulu, n'chifukwa chiyani tichite manyazi pa mabiliyoni a zipatala?

Ena adzati boma lathu ndi losauka, tisalipanikize. Mfundo imeneyi ili ndi choonadi chake ndipo tisaithawe. Ndalama zoposa theka za ntchito zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja, ndipo boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri mu Januwale 2025 tinaona mmene nyumba yomangidwa pamzati wobwereka imagwedezekera. Palibe nduna imene ingamange chipatala m'mudzi uliwonse chaka chimodzi. Koma umphawi ndi kuba ndi zinthu ziwiri, ndipo mbiri yathu yatisonyeza zonse ziwiri zikuyendera limodzi. Mu Januwale 2013 madotolo a ku Kamuzu Central Hospital analemba kalata poyera kwa Pulezidenti Joyce Banda kudandaula kuti odwala akufa chifukwa chosowa mankhwala wamba. Chaka chomwecho, pakati pa Epulo ndi Sepitembala, ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa ku Capital Hill pa nkhani ija ya Cashgate, malinga ndi akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly. Mu 2021 ofesi ya mkulu wolondoloza chuma cha boma inapeza kuti zina mwa K6.2 biliyoni zolimbana ndi Covid-19 zinathera m'maalawansi ndi m'kugula katundu mosatsata malamulo, mpaka Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zantchito, a Ken Kandodo. Maboma ake ndi osiyana, zipani zake n'zosiyana, koma nthenda yake ndi imodzi. N'chifukwa chake nkhani ino si ya chipani chilichonse.

Ndiponso wangongole wosauka koma waulemu timamudziwa ndi khalidwe lake. Sabisala kuseri kwa nkhokwe. Amabwera yekha n'kunena kuti, "Mwezi uno ndalephera, ndapeza zakutizakuti, zotsalazo ndibweretsa tsiku lakuti." Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza kuika K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo m'zaka zambiri chiyambire pamenepo bajeti yathu yakhala ikuperewera pa mlingowo. Kuperewerako mwina tingakumvetse. Chovuta kumvetsa n'chakuti mayi wakumudzi sauzidwa kanthu. Amangomva kuti "mankhwala atha, mukagule," osadziwa kuti anabwera angati, anabwera liti, ndipo ena abwera liti. Kufotokoza sikufuna ndalama za abwenzi akunja.

Tisamalenso kuti mkwiyo wathu usagwere pa munthu wolakwika. Wodwala amaona namwino, saona amene anachedwetsa ndalama za mafuta. Pakati pa windo la mankhwala ndi Capital Hill pali mzere wautali: mkulu wa pachipatalapo, ofesi ya zaumoyo ya paboma, khonsolo, a Central Medical Stores Trust amene amagula ndi kugawa mankhwala, unduna wa zaumoyo, ndi unduna wa zachuma. Mwa onsewa, namwino ndi mlangizi wa zaumoyo ndiwo amakhala pakati pa anthu, ndipo ndiwo amalandira matemberero a zolakwa za ena. Ambiri mwa iwo ndi ana athu, ena ndi mamembala anzathu, ndipo tikudziwa kuti pali ena amene amaunikira mayi wobereka ndi tochi ya foni yawo. Izi sizikutanthauza kuti namwino wotukwana mayi ali pa ululu alibe mlandu. Ali nawo, ndipo ndi wake. Mu 2019 Ombudsman wa nthawi imeneyo, mayi Martha Chizuma, anatulutsa lipoti la amayi amene anachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma pa zifukwa zimene zikanapeweka, ndipo analoza chala mbali zonse ziwiri: kunyozera ntchito kwa ena ogwira ntchito, ndi kulephera kwa unduna kupereka anthu okwanira. Umo ndi mmene mlandu umaweruzidwira bwino, aliyense kusenza mtolo wake.

Nkhaniyi ikutikhudzanso ngati mpingo. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'Malawi limaperekedwa ndi zipatala za mipingo za m'bungwe la CHAM, ndipo zambiri zili kumidzi kumene boma lilibe chipatala. Zina ndi zathu: St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota, St Peter's pa chilumba cha Likoma. Zipatala zimenezi zimalipiritsa, choncho kuyambira cha m'ma 2006 boma linayamba kuchita nazo mapangano oti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa osalipira, boma n'kumabweza ndalamazo. Ganizo lake ndi labwino kwambiri. Koma boma likachedwa kubweza, chipatala cha mishoni chimatsala ndi njira ziwiri zowawa, kulowa m'ngongole kapena kubwezeretsa malipiro, ndipo pa njira yachiwiriyi amene amalipira ngongole ya boma ndi mayi yemwe uja wa beseni ndi lezala. Apa tili ndi ufulu wonse wofunsa. Ndipo muyeso womwewo tiuike pa zipatala zathu: nazonso zizitha kuonetsa anthu ozungulira mmene ndalama za panganolo zayendera.

Tsono n'chifukwa chiyani tikulemba izi kwa amayi a mumzinda? Ife a ku Mandala, Sunnyside, Namiwawa ndi Limbe tikadwala, chipatala cha Gulupu chili pafupi, ena amapitako wapansi. Amene ali ndi kangachepe amapita ku Mwaiwathu kapena ku Adventist. Koma boma la Blantyre silithera pa Chichiri. Limafika ku Mdeka, ku Lirangwe, ku Madziabango, ku Dziwe, ndipo kwa zaka zonsezi lakhala lopanda chipatala chakechake chachikulu chonga chimene chili ku Thyolo kapena ku Chiradzulu. Wodwala wolephereka pa chipatala chaching'ono amathamangira naye ku Gulupu, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chimalandiranso odwala otumizidwa kuchokera m'maboma ena a chigawo chakummwera. Amayi amene timawaona akuphika pamafuwa kumalo a magadiyani ambiri ndi ochokera kumeneko. Mavuto a kumudzi amagona usiku uliwonse pafupi ndi mipanda yathu.

Ndipo matenda sadziwa malire a mzinda. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo pofika Januwale 2023 anachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre muno. Koma sitikufuna kuti chifukwa chathu chikhale mantha okha. Chifukwa chachikulu n'chakuti kufunsa kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi wotsika kwa ife. Mayi wakumudzi akadandaula za namwino, mawa adzapezanso namwino yemweyo, chifukwa chipatala n'chimodzi. Ife tili ndi kwina kopita. Timadziwa kulemba kalata, maofesi ali pafupi, ndipo ena mwa akuluakulu amene amasaina mapepalawa timakhala nawo benchi limodzi Lamulungu. Amene angathe kufunsa osaopa kubwezeredwa ali ndi udindo woposa wa amene sangathe.

Ntchito yathu yoyendera odwala ndi sopo, shuga ndi zitenje ipitirire, chifukwa wodwala wa lero sangadikire bajeti ya chaka chamawa. Chimene tikukana n'chakuti mphatso zathu ziwerengedwe ngati zafafaniza ngongole ya boma. Tikapereka mabulangete kuwodi, tithokozedwe, inde, koma tifunsenso mwaulemu kuti ndalama za mabulangete chaka chino zinali zingati. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mkulu wa chipatala wanzeru amadziwa kuti funso lotere limamupatsa mphamvu akamakapempha kwa amene ali pamwamba pake.

Njira zofunsira zilipo, kungoti zambiri sizidziwika. Chipatala chaching'ono chilichonse chimayenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'deralo, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kuchitira umboni mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto. Kodi komiti ya chipatala cha kumudzi kwanu ilipo? Muli amayi angati? Inakumana liti komaliza? Kuyambira 2018 m'zipatala munaikidwa maofesala olandira madandaulo a odwala. Chofooka chake n'chakuti nthawi zambiri amakhala ogwira ntchito a unduna womwewo, ndiye dandaulo likapanda kuyenda tisagwe ulesi, tikalitule ku ofesi ya Ombudsman, imene ndi yoima payokha. Kuyambira pa 30 Sepitembala 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma likugwira ntchito, kutanthauza kuti gulu la amayi lingathe kulembera khonsolo kufunsa ndalama zimene chipatala chakutichakuti chinalandira ndi mmene zinagwirira ntchito. Makhansala nawo, amene dziko linakhala opanda iwo kuyambira 2005 mpaka 2014, amakhala nawo pa zokambirana za bajeti ya khonsolo, ndipo ndi anthu oti tingawaitane kumsonkhano wathu wa pasabata.

Pafupifupi nthambi iliyonse ya mumzinda ili ndi mamembala amene kwawo ndi kumudzi kwa Somba, kwa Kuntaja kapena kwa Chigaru, ndipo mipingo yathu ya kumeneko ili ndi amayi amene akudziwa tsiku limene ambulansi inabwera komaliza. Iwo ali ndi nkhani, ife tili pafupi ndi maofesi. Nthambi imodzi ya mumzinda itagwirizana ndi nthambi imodzi ya kumudzi pa chipatala chimodzi chokha, amayi a kumeneko n'kumalemba m'kope masiku amene mankhwala a malungo anasowa ndi usiku umene mzamba kunalibe, pakutha pa miyezi itatu tingakhale ndi pepala loti tipite nalo kwa mkulu wa zaumoyo wa boma la Blantyre, ndi kumupempha tsiku loti tidzabwerenso kudzamva yankho.